Misozi ya M'botolo

Tsiku loika Yelemiya, mlongo wanga,
ndinakhala pamphasa m'nyumba ya siwa
chisoni chitanditsina pakhosi,
koma m'maso muli gwa ngati bwalo la mpira mu Okutobala.
Ndinafinya zikope. Sipanatsike kanthu.
Nasibeko, wogulitsa soya pafupi ndi sikelo yanga,
ananong'ona kuti aliyense amve:
"Ngakhale dontho! Akudziwapo kanthu ameneyu."

Zaka zitatu tsopano ndikuyenda ndi mchenga m'maso.
M'mawa zikope zimadzuka zitamatirira,
ndimazimatula ndi chala ngati envulopu.
Masana pa Kamwendo ndi fumbi la mtedza,
ndi mphepo ya malole opita kumalire,
ndimaphethira, kuphethira,
mpaka mavenda amati ndikuwakopa.
M'kamwa namo ndi mouma.
Mbatata yootcha simezeka popanda madzi.

Kuchipatala ku Boma, a Kalimbira,
aja a magalasi omanga ndi ulusi,
anandikoleka kapepala m'chikope chilichonse
nati nditsinzine mphindi zisanu.
Timapepalato tinatuluka touma ngati risiti.
Anadonthezamo zachikasu, nayatsa kagetsi ka buluu,
nati diso langa lakalikakalika
ngati poto wokwechedwa ndi mchenga.

Kenako anajambula kuseri kwa buku langa la kuchipatala.
Anati msozi si madzi wamba.
Pansi pali kathelere kougwiriza ku diso,
pakati madzi a mchere,
pamwamba kamafuta ka m'mphepete mwa chikope
kotchinga kuti mphepo isamwe zonse.
Madzi akachepa, mchere umakula mphamvu
monga ndiwo zikaphwa pamoto.
Mcherewo umaluma diso, diso limakuwa,
asilikali a m'magazi amamva mfuu
nabwera ndi miuni.
Safunsa kuti mdani ali pati.
Amayatsa pamene pamveka kulirapo,
poyatsapo pamatupa, pamafiira, pamakuwanso,
anzawo nawonjezereka.
Anga, anati, afika mpaka pakasupe penipeni,
kuseri kwa fupa la nsidze,
amuzinga kasupeyo, madzi sakutulukanso.

Ndinaseka, a Kalimbira nakweza magalasi.
Ndinati zimenezo si zachilendo.
Dzinja lapitali anyamata olondera matumba pamsika
anamva wina akukuwa usiku kuti wakuba, wakuba,
anathamanga ndi zibonga mumdima
nathyola mkono wa mwini matumba wokuwayo.
Ndipo mwezi utatha anabwera kudzatenga malipiro.

Anga nawo ndimawadyetsa.
Ndi omwe anandiwolotsa pa malungo a chaka cha njala,
ndi omwe anatseka bala la khasu pachidendene.
Sindingawachotse ntchito.
Ndingowapempha kuti aike miuni pansi.

Ndiye ndili ndi mabotolo awiri m'kachikwama ka ndalama.
Lina ndi misozi yogula,
mtengo wake ndowa ya mtedza wosasenda,
kasanu patsiku, kasanu ndi kamodzi kukachita mphepo.
Linalo ndi lonyengerera asilikali aja,
akuti amamva mochedwa, ndidikire miyezi,
ndipo likatha ndi mpaka wina apite ku Lilongwe.
Madzulo ndimafunditsa kansalu, ndikuika pazikope
kuti mafuta aja asungunuke,
ndimakhala mumdima wofunda umenewo
ndipo ndi momwe Yelemiya amabwera,
akukankha njinga yake yopanda mabuleki,
akufunsa ngati mtengo wakwera.

Dzulo nditaweramira kumwamba pamsika,
botolo m'manja, madontho awiri ataphonya
nkutsikira m'masaya,
Nasibeko anasiya kupeta.
"Lero ndiye mukulira, patatha miyezi inayi?"

Ndinatseka botolo, ndinapukuta ndi nsonga ya chitenje.
Ndinati ayi, apa ndikuthirira.
Kulira ndinalira tsiku lomwelo,
kouma, kowawa ngati tsabola,
mutakhala pambali panga.

Anatola lichero lake.
Kasitomala anali ataima kale pa sikelo.